Ziro imene ndinakana kulemba

Ine kwathu ndi ku Chiradzulu. Atanditumiza kukaphunzitsa masamu ku Chitipa, abale anga anandiperekeza kudepoti nkhope zili ngati akupita kumaliro, ndipo azakhali anga anandifunsa ndithu ngati kumeneko ndidzafunika pasipoti. Sukulu yake inali sekondale yoyendera, panjira yopita ku Nthalire. Ukaima pabwalo la mpira m'mawa umaona mapiri a Mafinga, ndipo mphepo yochokera kumeneko m'mwezi wa Juni imakulowa mpaka m'mano. Chaka choyamba ndinaphunzira kunena monire ndi yewo chomene, moni ndi zikomo kwambiri za m'Chitumbuka. Ndinaphunziranso kuti mwana wa kuno akakuyankha Chichewa chokhotakhota usamuseke, chifukwa iye amalankhula Chilambya, Chitumbuka, Chinyiha ndi kachiswahili ka pamsika, pamene iwe uli ndi Chichewa chako chokhacho ndi Chingerezi cha m'buku.

Chimene chinkanditopetsa pasukulupo sichinali fumbi kapena msewu ayi, koma kuwonkhetsa malikisi. Teremu ikamatha tinkaunjikana mu sitafu, wina akuwerenga mokweza, wina akudina kakyuleta, wina akutsutsa, kenako n'kuyambiranso chifukwa wowerenga uja wadumpha mzere. Ine mtima wanga ndi wapachala, zinthu zobwerezabwereza sindigwirizana nazo. Ndiye ndinayamba kuphunzira JavaScript pafoni. Chimenechi ndi chinenero cholembera mapulogalamu oyenda pamasamba a intaneti. Netiweki inkagwira bwino kuseri kwa zimbudzi za anyamata, moti ana ankandiona nditaima kumeneko foni ili m'mwamba n'kumaganiza kuti madamu a masamu zawasokonekera. Pang'ono ndi pang'ono ndinapanga katsamba kotseguka palaputopu ya sukulu ngakhale popanda intaneti. Mphunzitsi aliyense ankangolemba malikisi a mwana m'kabokosi, tsambalo n'kuwonkhetsa, kupeza avereji ya kalasi, ndi kundandalika ana kuyambira woyamba mpaka wotsiriza.

Ahedi athu, bambo a ku Ntcheu okonda tayi ngakhale tsiku la masewera, anakondwera nako kwambiri. Alendo akabwera ankawauza kuti sukulu yathu ili ndi sisitimu, akundiloza ine ngati ng'ombe yawo yamkaka. Sindinkadandaula, ndani safuna kutamidwa.

Kundandalika anako sinali nkhani yongosangalatsa makolo. Pasukulupo panali hositelo imodzi ya atsikana, yomangidwa ndi makolo okha, ndipo mabedi anali ochepa kuyerekeza ndi ofuna kugonamo. Komiti ya makolo inagamula kalekale kuti malo a chaka chotsatira azipita kwa atsikana amene akhoza bwino pakutha pa teremu yachitatu. Wosapeza malo ankafuna kanyumba kalendi m'mudzi, ndipo tonse tinkadziwa mmene zambiri za m'tinyumba timeneto zinkathera. Makolo ena ankangoti ngati hositelo palibe, mwana akhale pakhomo.

Mu Fomu 3 chaka chimenecho munali mtsikana wina wochokera m'munsi mwenimweni mwa Mafinga, kumene ukanyamuka m'mawa wapansi umafika pasukulu dzuwa litapendeka. Anali wosalankhulalankhula, koma pa masamu ankandikanira m'maso ndikalakwitsa pabolodi, ndipo ine ndimakonda mwana wotere. Bambo ake anamwalira kale. Mayi ake anali atanena poyera kuti mwana wawo sadzagona m'nyumba yalendi, akasowa malo ku hositelo sukulu yathera pomwepo. Sabata ya mayeso mayiwo anadwala kwambiri n'kutengedwa kupita kuchipatala cha ku boma. Mukudziwa mmene zimakhalira, wodwala sagona yekha kuchipatala, pamafunika gadiyani womuphikira, kumuchapira ndi kumugwiriziza popita kubafa. Mtsikanayo ndiye anali wamkulu m'nyumbamo. Anali atalemba mapepala onse kupatula la bayoloje, ndipo uthenga utafika anakagwada kwa mphunzitsi wa phunzirolo, kufotokoza, n'kukwera lole.

Mphunzitsi wa bayoloje anali bambo wachikulire wa komweko, mkulu wa mpingo, munthu woti ngakhale pakhoma la khitchini yake ankalembapo tsiku limene nkhuku yayamba kufungatira. Atafika pa dzina la mtsikanayo polowetsa malikisi, dzanja lawo linakana kusiya kabokosi kopanda kanthu. Analembamo m'Chitumbuka kuti wali ku chipatala, n'kupitirira kwa mwana wotsatira.

Masana a tsiku limenelo adepyute anatsegula tsamba kuti asindikize zotsatira, ndipo anandiitanitsa mwachangu kuti sisitimu yafa. Nditafika ndinapeza pamalikisi onse a mtsikana uja palembedwa zilembo zitatu: NaN. Pa avereji ya kalasi yonse, NaN. Mndandanda nawonso unali utasokonekera, mwana amene tonse tinkadziwa kuti ndi woyamba ali pakati, wina wotchuka ndi kugona m'kalasi ali pamwamba pake.

NaN ndi chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza kuti si nambala. JavaScript ukaiuza kuti isandutse mawu kukhala nambala, mawuwo n'kukhala oti sangasanduke, siima kapena kulira ayi, imangokupatsa NaN. Ndipo NaN ndi kanthu kamakani zedi. Ukaiphatikiza ndi nambala ina iliyonse, yankho limatuluka NaN, n'chifukwa chake kabokosi kamodzi kanaipitsa avereji ya kalasi yonse, ngati dzira limodzi lovunda m'chiwaya. Ukaifunsa ngati ili yaikulu kuposa makumi asanu, imati ayi. Ngati ili yaing'ono, ayi. Ngati ili yofanana ndi NaN inzake, ayinso. Ndiye pondandalika ana, pulogalamu inkasowa poika mtsikanayo, n'kusokoneza anzake oyandikana naye. Ndinawauza adepyute kuti sisitimu sinafe, ikungonena kuti pali chinthu chimene siikudziwa. Iwo anati zimenezo ndikafotokoze kwa ahedi.

Ahedi anandilandira bwino, mpaka kundipatsa mpando. Anafunsa ngati n'zotheka kuuza kompyuta kuti paliponse pamene yapeza NaN iziika ziro. Ndinati n'zotheka, ndi tizilembo towerengeka chabe, ndikhoza kutilemba tiyi wawo asanazizire. Anamwetulira n'kunena kuti ndiye ndichite.

Ndinati, "Bwana, zimenezo ndiye ayi."

Anavula magalasi. Anandikumbutsa kuti pasukulupo lamulo ndi lakale, ine ndisanabwere: wosalemba mayeso amapatsidwa ziro. Anati lamuloli silinabwere mwamasewera, linabwera chifukwa anyamata ankathawa mayeso kupita kukagulitsa nyemba kumalire, ena kukathandiza azibale awo kutsidya la Zambia, n'kubwerako ndi nkhani za maliro abodza. Ukamvera mmodzi chisoni, teremu yamawa theka la kalasi lidzakhala ndi mayi wodwala. Komiti ya makolo inali kukumana sabata yotsatira, ndipo iwo sakanapita kumeneko ndi pepala lodzaza NaN ngati sukulu ya anthu osadziwa kuwerenga.

Zonsezo zinali zoona, sindinatsutse. Koma ndinawauza kuti ine ndine mphunzitsi wa masamu, ndipo ziro ndimaidziwa bwino. Ziro ndi nambala. Ziro imanena kuti mwanayu anakhala pansi, anapatsidwa pepala, anawerenga mafunso, ndipo palibe chimene anadziwa. Kodi mtsikanayu anachita zimenezo? Sitikudziwa kuti akanapeza zingati, ndipo kompyuta ikunena zomwezo, kuti siikudziwa. Nkaiphunzitse bodza ine? Anati ndikukulitsa nkhani ya kabokosi kamodzi. Ndinati m'kabokosi kameneko muli bedi la mwana, ndipo akalitaya sadzabweranso. Tinasiyana osagwirizana, ine n'kupita kunyumba.

M'mawa mwake ndikulowa pageti ndinaona atsikana ataunjikana pabolodi la zidziwitso, ena akudumpha, ena akupukuta misozi. Zotsatira zinali zitakhomedwa, zoyera bwino, popanda NaN ngakhale imodzi, ndipo pambali pake panali mayina a opeza malo ku hositelo. Mtsikana uja anali kumunsi kwenikweni kwa kalasi, pa bayoloje pali ziro yonenepa. Pa mayina a ku hositelo panalibepo.

Ndinalowa mu sitafu osapereka ndi moni womwe, chinthu chimene kuno ndi mlandu. Ndinafunsa kuti wakhudza pulogalamu yanga ndani. Adepyute anayankha mosatekeseka kuti pulogalamu sanaikhudze, iwo angofufuta mawu a Chitumbuka aja m'kabokosi, n'kusiya popanda kanthu, ndipo sisitimu yachira yokha. Anaonjezera kuti mwina kompyuta simva Chitumbuka, anthu n'kuseka.

Ine sindinaseke, chifukwa ndinazindikira chimene chachitika. JavaScript ili ndi khalidwe lina loipa. Mawu imawakana n'kunena kuti si nambala, koma kabokosi kopanda kanthu imakawerenga ngati ziro, mwakachetechete, osafunsa munthu. Ndiye adepyute sanalembe ziro, ahedi sanalembe ziro, ine sindinalembe ziro, koma mwana wapatsidwa ziro. Aliyense manja ake oyera. Chimenecho ndiye chinandipweteka koposa, kuti tsogolo la mwana lidulidwe popanda ngakhale munthu mmodzi woti n'kumuloza kuti wadula ndi uyu.

Ndinatenga laputopu n'kukakhala nayo m'kalasi yopanda ana. Ndinakonza kuti kabokosi kopanda kanthu nakonso kazituluka NaN, ndiponso kuti pakakhala NaN ngakhale imodzi, batani losindikizira lizikana, tsamba lizingoonetsa dzina la mwana ndi phunziro limene likusowa nambala. Nditamaliza ndinapita pabolodi, ana akuona, n'kuzula mapepala onse awiri. Mapini ake ndinawaika m'thumba, si anga koma ndinawabweza pambuyo pake.

Ahedi anaitanitsa msonkhano wa aphunzitsi nthawi yomweyo. Tayi inali itakhotera kuphewa. Analankhula za mwambo, za ulemu, za aphunzitsi achitsikana amene amaganiza kuti akadziwa kompyuta ndiye kuti aposa aliyense. Kenako anati akhoza kulemba kalata kupita ku maofesi a maphunziro yonena za kusamvera kwanga, ndipo ndisadabwe ndikasamutsidwa. Apa ndiye ndinatsala pang'ono kuseka. Kwathu kumwera mphunzitsi wovuta amamuopseza kuti tikutumiza ku Chitipa. Nanga ine, ndili kale ku Chitipa, nyemba za kuno ndazizolowera, anthu ake ndawakonda, andiopseza ndi chiyani? Ndinawauza zimenezo mwaulemu wake, manja nditagwira kumbuyo.

Kenako ndinatsegula laputopu, n'kupeza kabokosi ka mtsikana uja, n'kuitembenuza kuti iyang'ane anthu onse patebulo.

Ndinati, "Sindikuletsa ziro ine. Lamulo ndi lanu, sukulu ndi yanu. Koma kompyuta sikulemberaninso. Amene akuti mwanayu ndi wa ziro, nayi, alembe ndi chala chake, tonse tikuona."

Anthu amene dzulo lake ankanena molimba kuti lamulo ndi lamulo anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo. Adepyute anapeza chochita ndi chingwe cha wotchi yawo. Mayi wina wophunzitsa Chingerezi, mnzanga wa ku Dedza amene ankandinong'oneza nthawi zonse kuti ndichepetse mkamwa, anangondiponda phazi pansi pa tebulo. Ine ndinkadziwa kuti wina akangodzuka n'kudina, nkhani yatha ndipo ndilibenso chonena.

Ahedi anakoka laputopu ija kuibweretsa patsogolo pawo. Anavala magalasi. Kamzere kosonyeza polemba kanali kuphethira m'kabokosi, kudikira. Chala chawo chinafika ndithu pamwamba pa batani la ziro, n'kuima. Osadzutsa mutu, anafunsa mphunzitsi wa bayoloje ngati wamvako za mayi a mwanayo. Bambo aja anayankha kuti amva kudzera kumpingo kuti akadali chigonere, sakudya okha, mwanayo ndiye akuwamwetsa phala ndi sipuni. Ahedi anakankha laputopu ija n'kunena kuti mphunzitsi wa bayoloje akonze mafunso ena. Mtsikanayo akafika komiti isanakumane, alembe. Akapanda kufika, ziroyo ahediwo adzalemba okha ndi chala chawo, ndipo madamu a masamu asadzatsegule pakamwa. Ndinati ndamva, bwana. Za kalata ija sanazitchulenso, koma anatha teremu yonse yotsatira akundiyankha moni ndi mutu wokha.

Vuto linatsala linali kumupeza mwanayo. Foni analibe. Ndinaimbira namwino wina wa pachipatalapo, wochokera ku Zomba, amene tinadziwana pa kwaya, iye n'kuyenda wodi ndi wodi mpaka kumupeza kumalo kophikira magadiyani. Mtsikanayo anayankha kuti sangasiye mayi ake okha. Apa mphunzitsi wa bayoloje anapalasa njinga kupita kumudzi kwawo kwa mwanayo, n'kukachonderera mng'ono wa mayi ake kuti asiye kaye kupuntha mawere apite akalandire ugadiyani kwa masiku ochepa. Mayi ang'onowo anavomera monyinyirika. Masiku amenewo ine lole iliyonse ikamveka kumsewu ndinkatuluka m'kalasi choko chili m'manja.

Mtsikanayo anafika komiti itatsala pang'ono kukumana, atakwera pamwamba pa matumba a feteleza, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Anali ataonda. Ndinamufunsa ngati wawerengako, anati buku analisiya ku hositelo, kuchipatala ankangokumbukira za m'mutu akamatsuka mbale. Anasamba kumaso pampopi, n'kukhala pakona ya sitafu, n'kulemba, adepyute akumuyang'anira ngati wakuba. Mphunzitsi wa bayoloje anachonga pomwepo, ndipo sanamukomere mtima ngakhale pang'ono, ndinaona ndekha akumudula malikisi chifukwa cha chithunzi cha impso chosalemba mayina. Mtsikanayo anapeza malikisi apakatikati, osanyaditsa, koma ake. Bambo aja anawalemba m'kabokosi, NaN yonse inachoka, avereji inabwerera, ana anandandalikika bwinobwino. Mtsikanayo anakwera kuchoka kumunsi kuja n'kulowa m'gulu la opeza malo, chakumapeto kwake. Nditamuuza anagwada n'kunena kuti yewo chomene madamu, kenako anafunsa ngati lole yobwerera ku boma yadutsa kale.

Ndinasangalala, ndipo ndinayenda pasukulupo tsiku limenelo mapewa ali m'mwamba. Za masamu osavuta akuti mabedi sanachuluke, ine mphunzitsi wa masamu sindinaziganizire.

Tsiku lotsekera sukulu, ana akumanga katundu, kunyumba kwanga kunabwera mtsikana wina wa Fomu 3 yomweyo, wa ku Nthalire mkati. Anali mwana waulemu, wolimbikira, wa mutu wapakatikati, woti masamu ankamuzunza koma homuweki sankaphonya. Anagwada pakhonde matiresi ake atawapinda n'kuwamanga ndi chingwe cha mlulu. Anati pa pepala loyamba lija dzina lake linalipo, lotsiriza penipeni, ndipo anatumiza kale uthenga kwawo kuti malo wapeza. Pa pepala latsopano palibe. Anapita kwa adepyute, iwo amuuza kuti akafunse madamu a kompyuta.

"Madamu, dzina lane laluta nkhu?" anafunsa m'Chitumbuka kumene dzina lake lapita, Chichewa chitamuthawa.

Ndikanatha kunena kuti ndi sisitimu. Aliyense pasukulupo akanayankha choncho, ndipo mwanayo akanakhulupirira. Ndinamuuza kuti kompyuta ilibe mlandu, ndine ndinazula pepala lija, chifukwa linapatsa mnzake ziro pa mayeso amene sanalembe. Mnzakeyo walemba tsopano ndipo wamuposa, ndiye bedi lapita kwa iye. Ndinamuuzanso kuti zitachitikanso mawa ndikhoza kuzulanso, ndipo kuti zikundiwawa kwambiri kuti wagwa ndi iyeyo.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osalira. Anafunsa ngati iye analakwitsa chilichonse, ndinati ayi, palibe. Anati yewo, n'kudzuka. Ndinamuthandiza kusenza matiresi aja, ndipo ndinamuperekeza mpaka kumsewu. Teremu yotsatira nditaitana mayina mu Fomu 4, mtsikana wa ku Mafinga anayankha, wa ku Nthalire sanayankhe.